Kodi mizinda yapakatikati ili ndi zisangalalo za usiku zokwanira osewera achinyamata?

Chimphepo

Abale, pali nkhani imene imabwerabwera msika wa osewera ukangotsegulidwa. Timu ya mumzinda wocheperapo ikataya mnyamata waluso, anthu amati wathawa chifukwa mzindawo umagona msanga. Amatchula wosewera basketball LeBron James kuchoka ku Cleveland kupita ku Miami mu 2010, amatchulanso anyamata a mpira wa miyendo amene maso awo amakhala pa London, Madrid kapena Milan basi. Ndikunena mizinda ya anthu pakati pa 100,000 ndi 700,000, monga Milwaukee, Memphis, Dortmund, Newcastle ndi Bergamo. Mnyamata wa zaka 19 mpaka 24, wosakwatira, ndalama ali nazo, angakhale mumzinda wotere osamva kuti unyamata wake ukumudutsa? Kapena nkhaniyi amangoikuza ndi atolankhani?

Tsabola

Sangakhale mosangalala. Angapirire chifukwa cha kontirakiti, koma ikatha amanyamuka. Munthu wa zaka 21 wolandira mamiliyoni musamuuze kuti mabawa atatu a mumsewu umodzi ndi okwanira.

WaNambala

A Tsabola, tisanakangane za mizinda tiwerenge kaye mausiku amene wosewerayo ali nawo. Tengani wa mu Premier League. Ligi ili ndi masewero 38, kuyambira Ogasiti mpaka Meyi. Sabata ya gemu imodzi kumatimu ambiri imayenda chonchi: Loweruka gemu, Lamlungu kumasula thupi pa njinga, m'dziwe ndi kusisitidwa, Lolemba kupuma. Ena amasinthanitsa masiku awiriwa. Lachiwiri ndi Lachitatu ndiwo masiku olemera, a mphamvu ndi kuthamanga kwambiri. Lachinayi amachita za liwiro, Lachisanu zopepuka ndi makona ndi mafirikiki. Matimu ambiri amaletsa mowa ndi kuyenda usiku kutatsala maola 48 kuti gemu ichitike. Usiku wotsala ndi Loweruka gemu itatha, kapena Lamlungu ngati mawa lake ndi lopuma. Timu ikakhala m'mpikisano wa ku Ulaya, pakati pa sabata pamakhalanso gemu, ndipo ngakhale usiku umodziwo umasowa.

Ku NBA, ligi ya basketball ya ku America, n'kothina kuposa apa. Masewero ndi 82 kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Epulo, kutanthauza atatu kapena anayi pa sabata, ndipo 41 mwa iwo ndi akoyenda. Wosewera wa Milwaukee theka la sizoni sagona ku Milwaukee. Amagona mu hotela ku New York, ku Miami, ku Los Angeles, ku Toronto. Ngati akufuna kuvina, ndandanda yomweyo imamufikitsa kumene kuli malo ovinira.

Kadzidzi

Masamu anu ndi oona a WaNambala, koma mwasiya chinthu chimene chikupereka mphamvu ku mbali ya a Tsabola. Usiku umene wosewera ali mfulu nthawi zambiri si usiku umene mzinda ukusangalala. Ku NFL, ligi ya mpira wachiamerika (American football), gemu nthawi zambiri ndi Lamlungu, Lolemba amaonera mavidiyo a gemu ndi kuonana ndi madokotala, Lachiwiri ndilo tsiku lopuma. Ndiye kutuluka kwawo ndi Lamlungu usiku kapena Lolemba usiku. Mumzinda wapakatikati malo ovinira ambiri amadalira Lachisanu ndi Loweruka, masiku enawo amatseka chifukwa anthu sakwana kulipira alonda, woimbitsa nyimbo ndi ogulitsa. Mzinda wa anthu mamiliyoni ambiri ndi wa alendo ambiri ndi umene ungadzaze holo Lolemba. Kusiyana kwenikweni kuli pamenepo, osati pa kuchuluka kwa mabawa Loweruka.

Chachiwiri ndi chakudya. Gemu ya NBA imayamba cha m'ma 7 koloko kapena hafu pasiti 7 madzulo, imatha maola awiri ndi theka pafupifupi. Kusamba, kulandira chithandizo ndi kuyankha atolankhani, munthu amatuluka m'bwalo cha m'ma 11. Malo odyera abwino a mumzinda wocheperapo nthawi imeneyo khitchini atseka kale. Osewera ambiri akamadandaula za usiku wa mzinda, chimene akusowa ndi tebulo lodyerapo ndi anzawo pakati pa usiku.

Tsabola

Ndi zimene ndikunenazo. Mzinda umene sungakudyetse 11 koloko usiku ndi wokwanira bwanji?

Likhweru

Komatu nthawi yotsekera mowa siyendera kukula kwa mzinda, imayendera lamulo la dera. Ku California amasiya kugulitsa mowa 2 koloko usiku, ndiye Los Angeles yense uja amatseka nthawi yofanana ndi Oklahoma City. Ku New York ndi 4 koloko m'bandakucha. Ku Las Vegas kulibe malire. Ku Utah, kumene kuli Salt Lake City, ndi 1 koloko. Ku England lamulo la ziphaso la 2003 linalola malo kupempha maola ochedwa, ndipo Newcastle, mzinda wa anthu pafupifupi 300,000, uli ndi usiku wotchuka dziko lonselo, ku Bigg Market ndi ku Quayside. Memphis ali ndi Beale Street, kumene nyimbo zimaimbidwa pafupifupi usiku uliwonse. Mizinda yapakatikati si yofanana. Umene uli ndi yunivesite yaikulu kapena alendo ambiri umachezera, umene ndi wa mafakitale okha umagona.

Musaiwalenso zaka. Ku America mowa ndi wa oyambira zaka 21. Mnyamata wosankhidwa mu draft ya NBA, mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano, ali ndi zaka 19 saloledwa kumwa mowa ku Miami kapena ku Memphis chimodzimodzi, kwa zaka ziwiri zathunthu.

MayiFizo

Ndilowepo pa mbali ya thupi, chifukwa funso lakuti "zokwanira" limadalira zimene thupi lingalole.

Gemu ya usiku imaononga tulo wosewera asanapite kulikonse. Ambiri amamwa caffeine gemu isanayambe, mlingo wofala ndi mamiligalamu 3 mpaka 6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Wa makilogalamu 80 akamwa mlingo wotsikitsitsa, ndi mamiligalamu 240. Thupi limachotsa theka lake pa maola asanu pafupifupi. Akamwa hafu pasiti 6 madzulo, hafu pasiti 11 akadali ndi 120 m'magazi, hafu pasiti 4 m'mawa akadali ndi 60. Onjezani kutentha kwa thupi, magetsi owala a m'bwalo ndi mtima umene sunakhazikike. Munthu ameneyu sangagone 12 koloko ngakhale atafuna. N'chifukwa chake usiku wa gemu amafuna kokakhala, ndipo sindimuweruza pa chimenecho.

Vuto limabwera ndi mowa. Gemu ikatha minofu imakhala ndi timabala ting'onoting'ono, ndipo imafuna maola mpaka 72 kuti ibwerere bwinobwino. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2014 anapatsa anyamata ochita masewero mowa wa galamu 1.5 pa kilogalamu ya thupi atangomaliza kulimbitsa thupi. Kumangika kwa minofu kunatsika ndi 24 peresenti ngakhale anadya zomanga thupi, ndipo kunatsika ndi 37 peresenti pamene mowawo unatsagana ndi zakudya zopatsa mphamvu zokha. Mlingo umenewo ndi waukulu, n'zoona, ndi wa munthu amene wachezera. Mowa umadulanso tulo ta chakum'mawa, umakodzetsa munthu amene wataya kale madzi ambiri ndi thukuta, ndipo pamene pali chotupa kapena kuvulala kwatsopano umachedwetsa kupola.

Mbali ina, ku Stanford mu 2011 osewera basketball anawauza kuti azikhala pabedi maola 10 kwa masabata angapo, ndipo kugoletsa kwawo kunakwera ndi 9 peresenti pafupifupi. Ndiye kwa ine mzinda wokhala ndi usiku umodzi wabwino pa sabata wakwanira kale kuposa zimene minofu ingalandire pakati pa sizoni.

Gogo_Benchi

Mayi mwalankhula bwino. Onani San Antonio. Tim Duncan wa NBA anakhala kumeneko kuyambira 1997 mpaka 2016, zikho zisanu, palibe tsiku analira za makalabu a usiku.

Likhweru

Agogo, San Antonio si mzinda wapakatikati. Uli ndi anthu oposa 1.4 miliyoni, ndi umodzi mwa mizinda khumi ikuluikulu ya America. Amautcha waung'ono chifukwa msika wake wa wailesi yakanema ndi wochepa. Zinthu ziwirizi anthu amazisakaniza kawirikawiri. Chitsanzo choyenera ndi Giannis Antetokounmpo. Anafika ku Milwaukee mu 2013 ali ndi zaka 18, mu Disembala 2020 anasaina zaka zina zisanu pamene matimu a mizinda ikuluikulu ankamufuna, ndipo mu 2021 anatenga chikho.

Tsabola

Awiri mwa mazana. Ndipo Kevin Durant anachoka ku Oklahoma City mu 2016.

WaNambala

Anapita ku Golden State, timu imene inali itangopambana masewero 73 pa 82. Anatsata chikho. Oklahoma City yomweyo inatenga chikho mu 2025 ndi timu ya anyamata aang'ono kwambiri. Ndipo za LeBron zija, ku Miami kunali Dwyane Wade ndi Chris Bosh, komanso Florida alibe msonkho wa boma la dera pa malipiro. Texas ndi Tennessee nawonso alibe, pamene California amafika 13.3 peresenti kwa olandira zambiri. Pa kontirakiti ya madola mamiliyoni 30 pa chaka, kusiyana kumeneko ndi ndalama zoti munthu angaganizire kaye asanaganize za kovinira.

Mtsinje_Wakuya

Msonkhowo suthawika wonse. Madera ambiri a ku America amadula wosewera wa timu yobwera pa masiku amene wagwira ntchito kwawoko. Wa timu ya ku Miami akakasewera ku Los Angeles, California amatenga gawo lake la masiku amenewo. Phindu limakhalapo koma ndi la masiku a pakhomo ndi a m'madera ena opanda msonkho.

Chimphepo

Zamisonkho n'zothandiza abale, koma tibwerere ku usiku. Palibe amene wakhudza za kubisika. Kodi wosewera wotchuka amasangalala momasuka kuti, mumzinda waukulu kapena wapakatikati?

Kadzidzi

Apa mzinda waukulu umapambana. Ku London kuli matimu angapo a Premier League, oimba, ochita mafilimu, ndiye wosewera ndi mmodzi mwa otchuka ambiri. Kulinso malo a mamembala okha, okhala ndi khomo lakumbuyo, kumene ena amaletsa kujambula ndi foni. Ku Newcastle kapena ku Dortmund timu yaikulu ndi imodzi, ndipo mzinda wonse umaikonda ndi mtima wonse. Bwalo la Dortmund limalowa anthu oposa 81,000 mumzinda wa anthu pafupifupi 600,000. Wosewera akalowa m'bawa, foni khumi zimadzuka. Timu ikagonja masana, iye n'kuoneka ndi galasi usiku, chithunzi chili pa intaneti asanafike kunyumba ndipo mphunzitsi wachiona m'mawa. Ndiye malo alipo, koma kwa iyeyo ali ngati otseka. Green Bay, kwawo kwa timu ya NFL, ndiye mapeto ake: anthu pafupifupi 107,000, ndipo bwalo la Lambeau Field limalowa pafupifupi 81,000.

Nyenyezi88

Ine ndikuona mosiyana a Kadzidzi. Mumzinda wa timu imodzi eni malo amadziwa osewera, amawapatsa chipinda chapambali, amadziwanso nambala ya wachitetezo wa timu. Zikavuta amaimba foni kutimu asanaimbe kwina. Mumzinda waukulu mnyamata amazunguliridwa ndi anthu osawadziwa, ena amabwera dala kudzamudyera kapena kudzamutchera msampha. Ndipo mavuto akulu timawaona kuti? Nkhani ya Ja Morant wa NBA ya mu Marichi 2023, pamene anaonetsa mfuti pa Instagram m'malo ovinira, sinachitikire ku Memphis kumene ankasewera. Inachitikira ku Colorado timu ili paulendo. Ngozi ya galimoto ya Henry Ruggs wa NFL ya mu Novembala 2021, imene inapha mayi wina, inachitikira ku Las Vegas, mzinda umene sugona. Anali ndi zaka 22 ndipo mpira unathera pomwepo.

Kadzidzi

Sindinati mzinda waukulu ndi wotetezeka. Ndati ndi wobisika. Ndi zinthu ziwiri.

Ndondomeko

Pali chimene chikusoweka m'makambiranowa, makamaka kwa ku Ulaya. Mizinda yapakatikati yambiri ili pafupi ndi waukulu. Bergamo, kwawo kwa Atalanta amene anatenga Europa League mu 2024, ili pa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Milan. Leverkusen, amene anatenga Bundesliga mu 2024 osagonja ngakhale kamodzi, ili moyandikana ndi Cologne. Villarreal ndi tauni ya anthu 50,000 pafupifupi, koma Valencia ili pa ulendo wosakwana ola limodzi. Dortmund ndi Düsseldorf ndi makilomita pafupifupi 70. Wolfsburg ndi Berlin ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa pa sitima yothamanga ya ICE. Milwaukee ndi Chicago ndi ola limodzi ndi theka pa sitima. Ngakhale osewera a matimu a ku Manchester ambiri sakhala pakati pa mzinda, amakhala ku Alderley Edge, Wilmslow ndi Prestbury ku Cheshire, malo a zii.

Ndiye usiku ulipo, koma uli kumapeto kwa msewu, ndipo choopsa chenicheni ndi msewuwo. Chiwindi chimachotsa mowa pafupifupi yuniti imodzi pa ola, yuniti kukhala magalamu 8 a mowa weniweni. Galasi lalikulu la mamililita 568 la mowa wa 5 peresenti lili ndi mayuniti 2.8. Magalasi anayi ndi mayuniti 11, maola 11. Woyamba kumwa 11 koloko usiku akhoza kukhala akadali ndi mowa m'magazi 9 koloko m'mawa akuyendetsa galimoto kupita kokonzekera. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudya sizifulumizitsa chiwindi. Malire a mowa kwa woyendetsa galimoto nawonso amasiyana: ku England ndi mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi, ku Scotland ndi 50, ku Germany ndi 50 koma wosafika zaka 21 saloledwa ngakhale pang'ono. Mnyamata wochokera dziko lina nthawi zambiri sadziwa zimenezi.

Njira yake ndi yodziwika. Dalaivala apezeke munthu asanatuluke, osati 3 koloko mutu utazungulira kale. Galimoto yake itsale kunyumba, chifukwa ikakhala panja pa bawa adzaiyendetsa. Ngati mawa ndi lopuma, agone mu hotela komweko. Nthawi yobwerera agwirizane ndi dalaivala pasadakhale, ndipo pagulu pakhale mmodzi wosamwa.

Likhweru

Pa kugona mu hotela ndiwonjezere chenjezo. Othamanga, osambira ndi ena amene ali pa mndandanda wa oyezedwa pafupipafupi pansi pa malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero, amayenera kulemba kumene agone ndi ola limodzi tsiku lililonse, pakati pa 5 koloko m'mawa ndi 11 koloko usiku, limene oyeza angawapeze. Ambiri amasankha 6 koloko m'mawa kunyumba. Ukagona ku mzinda wina osasintha adiresi pa foni, oyeza akagogoda ndiye waphonya. Kuphonya katatu pa miyezi 12 ndi mlandu wofika zaka ziwiri, ngakhale magazi ali oyera. Wothamanga wa ku America Christian Coleman anaphonya Olimpiki ya ku Tokyo chifukwa cha lamulo limeneli.

Ndipo zimene zimayenda m'malo ovinira, cocaine, MDMA, chamba, zili pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa. Kuyambira 2021 chilango ndi miyezi itatu ngati wosewera waonetsa kuti anagwiritsa ntchito kunja kwa mpikisano ndipo sizikukhudzana ndi masewero, n'kutsika kufika mwezi umodzi akalandira chithandizo chovomerezeka. Koma zotsalira za cocaine zimaoneka mu mkodzo masiku awiri mpaka anayi, ndiye za Lachitatu zimagwidwa Loweruka, ndipo udindo woonetsa umboni ndi wa wosewerayo.

Mtsinje_Wakuya

Tonse tikuyang'ana 2 koloko usiku, pamene nthawi yovuta kwa mnyamata wa mumzinda wachilendo ndi 2 koloko masana. Zokonzekera zimayamba cha m'ma 10 m'mawa, pofika 1 koloko wadya, wabwerera. Kuyambira pamenepo mpaka kukagona ndi maola asanu ndi anayi kapena khumi, masiku asanu pa sabata. Anzake a mutimu okwatira apita kwa ana awo. Anzake a msinkhu wake a mumzindamo ali kusukulu kapena kuntchito, chinenero sachidziwa, abale ali kutali. Amatsala ndi foni ndi masewero a pa kompyuta mpaka usiku, ndipo tulo timaonongeka osapita n'komwe ku bawa. Pa foni yomweyo pali juga. Ku England kuyambira 2014 osewera a m'maligi apamwamba saloledwa kubetcha pa mpira wa miyendo uliwonse padziko lonse. Mu 2023 Ivan Toney analetsedwa miyezi 8 ndipo Sandro Tonali miyezi 10. Mu 2024 NBA inachotseratu Jontay Porter. Sindikunena kuti kusungulumwa ndiko kunachititsa milandu ya anthu amenewa, ndikunena kuti msampha umenewu sufuna mzinda waukulu kapena waung'ono, umalowa m'chipinda chogona.

Mzinda waukulu umathandiza pano osati ndi makalabu a usiku, koma ndi anthu akwanu: tchalitchi kapena mzikiti wa chinenero chako, malo ophika zakudya za kwanu, wometa amene amadziwa tsitsi lako, ndege yolunjika kwanu. Green Bay anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya wosewera wawo Reggie White, pamene timu inkabweretsa ometa ochokera ku Milwaukee kudzameta osewera akuda.

MayiFizo

Ndikugwirizana nanu kwathunthu. Wovulala ndiye amavutika koposa. Wong'ambika mtsempha wa m'bondo amakhala miyezi isanu ndi inayi pafupifupi akuchita zolimbitsa yekha, anzake ali paulendo. Ameneyo ndi amene amayamba kumwa pakati pa sabata.

Gogo_Benchi

Nanga Dortmund amachita bwanji? Sancho anafika mu 2017 ali ndi zaka 17, Haaland mu Januwale 2020 ali ndi 19, Bellingham mu 2020 ali ndi 17. Anasankha okha, ndipo matimu a mizinda ikuluikulu ankawafuna.

Ndondomeko

Anapita chifukwa kumeneko mnyamata amasewera gemu yeniyeni mmalo mokhala pa benchi. Bellingham anasamuka ndi mayi ake, ndipo chimenecho ndi chitsanzo chimene matimu ambiri amalimbikitsa kwa osafika zaka 20. Matimu akulu tsopano ali ndi ogwira ntchito yosamalira osewera kunja kwa bwalo. Ntchito yake ndi kupeza nyumba pafupi ndi bwalo lokonzekera komanso pafupi ndi anzake a mutimu, mphunzitsi wa chinenero kawiri kapena katatu pa sabata, wophika kapena chakudya chonyamula kuchokera kutimu, dalaivala woitanidwa usiku, ndi kugwirizana ndi malo odyera awiri kapena atatu kuti usiku wa gemu khitchini ichedwe kutseka. Chimene chimalephereka kawirikawiri ndi dalaivala uja: ngati osewera akukayikira kuti amakauza mphunzitsi, samuitana, amayendetsa okha. Ntchito imeneyo iyenera kukhala kunja kwa ofesi ya mphunzitsi.

Tsabola

Koma onse atatu mwawatchulawo anachoka. Sancho ku Manchester, Haaland ku Manchester, Bellingham ku Madrid.

Nyenyezi88

Anachoka kupita ku malipiro akulu ndi matimu olemera, achimwene. Pezani mmodzi amene anakana ndalama zambiri ku mzinda wapakatikati n'kukalandira zochepa ku mzinda waukulu chifukwa cha kovinira, ndiye tikambirane.

Tsabola

Wosewera sanganene poyera chifukwa chotere, masapota angamudye wamoyo. Koma ndalama zikafanana ndi mwayi wa chikho ukafanana, mzinda ndi umene umagamula. Ndipo samasankha yekha. Chibwenzi kapena mkazi wake alibe lamulo la maola 48, alibe gemu Loweruka, amakhala mumzindamo masiku onse, ngakhale timu ili paulendo wa sabata ziwiri.

Kadzidzi

Pamenepo a Tsabola mwagunda poona. Ndipo ku NBA wosankhidwa mu gawo loyamba la draft sasankha n'komwe mzinda. Kontirakiti yake ndi ya zaka ziwiri, timu ili ndi ufulu wowonjezera zina ziwiri, ndipo zikatha ikhozabe kufananitsa ndalama zimene timu ina yamulonjeza n'kumusunga. Ufulu weniweni wosankha umabwera ali ndi zaka 26 kapena 27, nthawi imene ambiri ali ndi mwana ndipo akufunsa za sukulu ndi bwalo la ndege.

Chimphepo

A Ndondomeko, malo odyera aja timu imawalipira kuti achedwe kutseka, kapena amangodalira zimene osewera agule?

Ndondomeko

Nthawi zambiri ndi kusungitsa malo pasadakhale. Wa timu amaimba masana, amanena chiwerengero cha anthu ndi nthawi yofika, amagwirizana ndalama yochepetsetsa imene gululo ligwiritse ntchito kuti ophika alipidwe maola owonjezera. Zakudya amasankhiratu zitatu kapena zinayi ndi katswiri wa zakudya wa timu, kuti zifike patebulo pasanathe mphindi 20 osewera atakhala pansi. Gemu ikapita ku nthawi yowonjezera, wina aimbenso foni, apo ayi ophika amazimitsa moto n'kumapita.